Ndinapita kukachotsetsa zomatira mano zinayi poopa matenda oiwalaiwala, adokotala anachotsa chimodzi chokha

Mano anga anayi otafunira a kumbuyo anamatidwa ndi amalgam, chomatira chotuwa chooneka ngati siliva chija, zaka zoposa 20 zapitazo, ndipo nthawi yonseyi sanandivutitsepo. Nkhawa inayamba pamene mayi anga anawapeza ndi matenda a dementia, amene ambiri timangowatchula kuti matenda oiwalaiwala. Amene anaonapo kholo lake likumufunsa dzina ngati mlendo akudziwa mmene mtima umasakira chifukwa, chilichonse chimene munthu angachiloze n'kunena kuti chadzetsa zonsezi ndi ichi. Ine ndinachipeza pa intaneti, m'mavidiyo amene ankanena motsimikiza kuti mercury, chitsulo chamadzimadzi chapoizoni chimene chili m'zomatira mano, amalowa mu ubongo pang'onopang'ono mpaka munthu kuyamba kusokonezeka maganizo. Mayi anga nawonso ali ndi zomatira zoterezi, choncho mumtima mwanga mlandu unali utatha kale, ndipo chimene chinatsala chinali kupeza dokotala woti andichotse zanga zonse nthawi isanathe. Ndemanga iyi ndi ya chithandizo chimene ndinalandira pa chipatala china cha mano kumene ndinapitako katatu ndi cholinga chimenechi.

Ndisanafike kumeneko ndinayamba ndadzera pa chipatala china chimene chinkalengeza kuti chimachotsa amalgam popanda chiopsezo. Kumeneko sanachedwe kundivomera. Asanajambule n'komwe mano anga anandiuza kuti zonse zinayi zichoke sabata yomweyo, ndiponso kuti pambuyo pake ndidzafunika kumwa mankhwala otsuka m'thupi kwa miyezi ingapo. Anandiuza zimene ndinkafuna kumva, komabe liwiro lawo linandikayikitsa, chifukwa palibe amene anandifunsa ngati mano amenewa amandiwawa kapena ayi. Ndinatuluka osapangana nawo tsiku.

Pa chipatala chimene ndikulemberachi zinthu zinayenda mwa mtundu wina kuyambira pa ulendo woyamba. Ndinafotokoza chimene ndadzera, ndipo adokotala, mayi wodekha wosathamangira kuyankha, anamvetsera mpaka ndinamaliza, kuphatikizapo nkhani ya mayi anga imene sindinkayembekezera kuti ndiikamba. Kenaka anayang'ana dzino lililonse, kugogoda, kufufuza m'mphepete mwa chomatira ndi kachitsulo kosongoka, n'kujambula X-ray. Chimene ndinayamikira kwambiri ndi chakuti atamaliza anadzutsa mpando kuti ndikhale tsonga, anavula chophimba kukamwa kwawo, n'kuyamba kulankhula nane tikuyang'anana. Munthu akagona chagada, pakamwa pali yasa ndiponso nyali ikumuwalira m'maso, sangafunse funso lomveka, ndipo madokotala ambiri a mano amaiwala zimenezi. Mawu awo oyamba anali akuti, "Bambo, mantha anu ali ndi poyambira pomveka, ndipo sindiwapeputsa. Tiyeni tiyambe ndi zimene zili zoona m'zimene mwamvazo."

Zoonazo sanazibise. Pafupifupi theka la kulemera kwa amalgam ndi mercury, ndipo gawo lotsalalo ndi ufa wa siliva, tini ndi mkuwa. Zikasakanizidwa zimakhala zofewa kwa kanthawi, zimene zimathandiza dokotala kuzikanikizira m'bowo la dzino, kenaka zimauma gwa. Anavomeranso kuti chomatirachi chimatulutsa nthunzi ya mercury yochepa kwambiri, makamaka munthu akamatafuna, akamatsuka mano, akamatafuna chingamu nthawi yaitali kapena akamakukuta mano ali m'tulo, ndipo mbali yaikulu ya nthunzi imene munthu wapuma imalowa m'magazi kudzera m'mapapo. N'chifukwa chake anthu okhala ndi zomatira zambiri za amalgam amapezeka ndi mercury wochulukirapo pang'ono mu mkodzo poyerekeza ndi amene alibe. Ndinadabwa kumva dokotala akuvomera zonsezi, popeza mavidiyo aja ankanena kuti madokotala amazibisa. Funso lenileni, malinga ndi adokotalawo, ndi lakuti kodi mlingo umenewu ndi wokwanira kuvulaza ubongo, ndipo apa m'pamene anandilozera ku kafukufuku amene anachitika pofuna kuyankha funso lomweli. Anandilembera mayina ake pakapepala kuti ndikadziwerengere ndekha, ndipo ndinakawerengadi.

Awiri mwa akafukufuku amenewa anachitika pa ana ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2006 m'magazini ya zaumoyo ya JAMA. Wina anachitikira ku New England m'dziko la America, pa ana oposa 500 amene anawatsatira kwa zaka 5, ndipo winayo anachitikira ku Lisbon m'dziko la Portugal, pa ana enanso oposa 500 amene anawatsatira kwa zaka 7. Mphamvu ya kafukufuku ameneyu ili poti anawo anagawidwa mwamaere, ena kumatidwa ndi amalgam, ena ndi chomatira choyera, kotero kuti magulu awiriwo anali ofanana pa zina zonse. Pomaliza sanapeze kusiyana pa nzeru, pa kukumbukira kapena pa kagwiridwe ntchito ka mitsempha. Wina akhoza kunena kuti ana si okalamba ndipo zaka 7 si moyo wonse, ndipo ameneyo wanena zoona. Koma palinso kafukufuku wa okalamba. Mu 1995 ofufuza a pa University of Kentucky anafalitsa zimene anapeza pa masisitere achikatolika okalamba oposa 100, anthu amene moyo wawo ndi wofanana kwambiri pa malo okhala ndi pa zochita za tsiku ndi tsiku, ndipo sanapeze mgwirizano pakati pa kuchuluka kwa amalgam m'kamwa ndi mmene masisiterewo ankakhozera mayeso a kuganiza ndi kukumbukira. Mu 1999 ofufuza a pa yunivesite yomweyo anapima ubongo wa anthu amene anamwalira, ena ndi matenda a Alzheimer (mtundu wofala kwambiri wa dementia), ena opanda, ndipo sanapeze kuti matendawo akugwirizana ndi chiwerengero cha zomatira, kukula kwake, kapena kutalika kwa nthawi imene munthu anakhala nazo. Bungwe la Alzheimer's Association, limene ntchito yake yonse ndi matenda amenewa, limaika nkhani ya zomatira zasilivazi pa mndandanda wa zikhulupiriro zopanda umboni.

Pa ulendo wachiwiri ndinabwera ndi chida changa. Ndinali nditapeza kafukufuku wa ku Taiwan wa mu 2015, amene anaunika zolembedwa za inshuwalansi ya zaumoyo ya dzikolo n'kupeza kuti okalamba amene anamatidwa ndi amalgam ankapezeka ndi matenda a Alzheimer mochulukirapo pang'ono kuposa anzawo. Ndinkaganiza kuti adokotala achita manyazi kapena akwiya, koma anali akumudziwa kale kafukufukuyo ndipo sanamunyoze. Anandifotokozera kuti kafukufuku wa mtundu umenewu amaonetsa zinthu ziwiri zikupezeka pamodzi, koma sangathe kunena kuti china chayambitsa chinzake. Munthu amene ali ndi zomatira zambiri ndi munthu amene mano ake anabooka kwambiri, ndipo kubooka kwa mano kumayendera limodzi ndi zinthu zina monga umphawi, kusuta fodya, matenda a shuga ndi kuchepa kwa maphunziro, zimene pazokha zimakhudzana ndi dementia. Anawonjezeranso kuti munthu amene wayamba kuiwalaiwala amasiya kusamala m'kamwa zaka zingapo matendawo asanadziwike, choncho nthawi zina matendawo ndi amene amadzetsa zomatira. Apa ndinakhala chete kwa kanthawi, chifukwa ndinakumbukira kuti mayi anga, amene ankasamala mano awo kwambiri, anayamba kuiwala mswachi pafupifupi zaka ziwiri tisanazindikire kuti akudwala.

Funso limene linkandisautsa kwambiri linali la malamulo. Ngati amalgam alibe vuto, n'chifukwa chiyani mayiko akumuletsa? Dziko la Norway linamuletsa mu 2008, la Sweden mu 2009, ndipo mayiko a mu European Union analetsa kumugwiritsa ntchito kuyambira pa 1 January 2025, kupatula pamene dokotala waona kuti wodwala akufunikiradi chomatira chimenechi. Yankho lake lili kwenikweni pa chilengedwe. Mercury wochokera m'zipatala za mano amapita m'madzi otayidwa, wina amakwera mumlengalenga mitembo ikamawotchedwa, ndipo akafika m'nyanja ndi m'mitsinje tizilombo tosaoneka ndi maso timamusandutsa methylmercury, mtundu woopsa kwambiri umene umaunjikana m'zamoyo za m'madzi. Mtundu umenewu ndi umene unapha ndi kulumaza anthu ambiri mumzinda wa Minamata ku Japan, kumene matendawo anadziwika mu 1956 chifukwa cha zonyansa zimene fakitale ina ya mankhwala inkatayira m'nyanja. Pangano la mayiko lochepetsa mercury, limene linavomerezedwa mu 2013 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2017, linatengera dzina la mzindawo, ndipo amalgam ali m'gulu la zinthu zimene panganoli likufuna kuti zichepe. Ndikuona kuti pamenepa m'pamene ambiri timasokonezekera. Tikamva kuti chinthu chaletsedwa timaganiza kuti chapezeka chikudwalitsa amene ali nacho m'kamwa, pamene cholinga chachikulu cha lamulolo ndi kuteteza madzi ndi mpweya umene tonse timadalira.

Adokotala sananene kuti amalgam ndi woyenera aliyense. Anandiuza za malangizo amene bungwe la FDA, loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America, linatulutsa mu September 2020, akuti magulu ena a anthu ndi bwino apewe kumatidwa ndi amalgam ngati pali chomatira china choyenera. Maguluwa ndi amayi oyembekezera, amene akukonzekera kutenga pakati, oyamwitsa, ana makamaka osakwana zaka 6, odwala impso, amene thupi lawo limadana ndi mercury kapena zitsulo zina za mu amalgam, komanso amene ali kale ndi matenda a ubongo ndi mitsempha monga Alzheimer, Parkinson ndi multiple sclerosis. Nditamva dzina la Alzheimer pa mndandandawo mtima unagunda, koma anandithandiza kuona kusiyana kwake. Malangizowa ndi osamalira anthu amene matupi awo ali ofooka kale pamene akufunika chomatira chatsopano, ndipo sakunena kuti amalgam ndiye anawadwalitsa. Malangizo omwewo amanena momveka kuti chomatira cha amalgam chimene chili bwinobwino chisachotsedwe pokhapokha pali chifukwa cha chipatala. Ndinafunsa za mayi anga, ndipo anayankha kuti, "Ngati mayi adzafuna kumata dzino lina, tidzasankha chomatira china. Koma kuwagoneka pampando uwu maola ambiri, kuwabaya jakisoni ndi kuwaboola mano amene sakuwavuta, pamene iwo sakumvetsa chimene chikuchitika, kumeneko kungakhale kuwazunza popanda phindu."

Chifukwa chosachotsera chomatira chabwino anachifotokoza pogwiritsa ntchito chithunzi cha X-ray cha mano anga omwe. Nthawi iliyonse imene chomatira chikuchotsedwa, makina obowolera amadyako mbali ya dzino lamoyo, bowo limakula, makoma a dzino amapyapyala, ndipo ngati chomatiracho chinali chakuya, mtsempha wa dzino ukhoza kukhudzidwa mpaka munthu kufunika chithandizo cha muzu kapena kuzulidwa dzino. Chinanso n'chakuti nthawi imene mercury amatuluka wambiri ndi pamene amalgam akubowoledwa, chifukwa cha kutentha ndi fumbi lake. Choncho munthu amene akuchotsa zomatira zinayi zabwino poopa mercury amadziwonjezera yekha mlingo wake kwa masiku angapo, n'kutayanso mbali ya mano ake. Pa mano anga anayi, atatu anali olimba, m'mphepete mwake mulibe mpata ndipo pansi pake palibe kuwola. Lachinayi, la m'munsi kumanzere, linali ndi mng'alu m'mbali mwa chomatira ndiponso kamthunzi pa X-ray kosonyeza kuti kuwola kwayambiranso pansi. Limeneli ndi limene anati lichotsedwe, ndipo ananenetsa kuti chifukwa chake ndi kuwolako.

Ntchitoyo inachitika pa ulendo wachitatu ndipo ndilibe chodandaula pa kagwiridwe kake. Atandibaya jakisoni wa dzanzi anatchinga dzinolo ndi kansalu ka labala kamene kamalisiyanitsa ndi m'kamwa monse, kuti zidutswa zisapite kummero. Wothandizira wawo anagwira chopopera champhamvu pafupi ndi dzino nthawi yonse, madzi oziziritsa ankathira mosalekeza, ndipo adokotala anadula chomatiracho m'zidutswa zikuluzikulu m'malo mochipera chonse kukhala fumbi. Nditafunsa kumene zidutswazo zimapita, anandionetsa botolo lotseka limene amasungiramo zotsalira za amalgam, n'kundiuza kuti paipi yawo ili ndi chosefera chogwira tizidutswa tisanalowe m'madzi otayidwa. Kwa ine chimenechi ndi chizindikiro cha chipatala chimene chikumvetsa pamene pali vuto lenileni la mercury. M'malo mwa amalgam anaika composite, chomatira choyera chofanana ndi mtundu wa dzino, chimene amachiika pang'onopang'ono m'magawo n'kumaumitsa gawo lililonse ndi kuwala kwa buluu. Zonse zinatenga pafupifupi ola limodzi.

Pali zinthu ziwiri zimene sizinandisangalatse, ndipo sindingazisiye chifukwa choti zina zonse zinayenda bwino. Choyamba, palibe amene anandichenjeza kuti dzino lomatidwa ndi composite likhoza kumanyerenyetsa likakhudzidwa ndi madzi ozizira kapena potafuna. Langa linatero kwa milungu pafupifupi itatu, ndipo kwa munthu amene anabwera kale ndi mantha, milungu itatu yosadziwa ngati chinachake chalakwika ndi yaitali. Nditaimba foni anandiuza kuti zimachitika kawirikawiri chifukwa composite amakhwinyata pang'ono akamauma, ndipo zinathadi zokha, koma mawu amenewa anayenera kunenedwa ndisanatuluke pakhomo. Chachiwiri, adokotala amene anapatula nthawi yochuluka kufotokoza amalgam anadutsa mwachangu nditafunsa za chomatira chatsopanocho. Ndinachita kudzifufuzira ndekha kuti mitundu yambiri ya composite imapangidwa ndi mankhwala ochokera ku BPA (mankhwala ogwiritsidwa ntchito popanga pulasitiki) ndipo imatulutsako kochepa kwambiri m'maola oyamba, kuti chomatirachi chimafuna dzino louma kwambiri pochiika, ndiponso kuti pa mano a kumbuyo kafukufuku wambiri wasonyeza kuti sichikhalitsa ngati amalgam ndipo kuwola kumabwereranso msanga m'mphepete mwake. Zimenezi sizinandichititse kudandaula kuti ndinasankha composite, koma wodwala amene akusiya chomatira china poopa zimene zili m'kati mwake ali ndi ufulu womva mokwanira za chimene chikulowa m'malo. Chipatala chimene chimachita bwino chotere pofotokoza chiyenera kukhala ndi kapepala kolembedwa bwino kosiyanitsa amalgam, composite ndi chomatira china chotchedwa glass ionomer, koti munthu azipita nako kunyumba.

Chimene sindinkayembekezera n'chakuti adokotala anada nkhawa kwambiri ndi nkhama zanga kuposa zomatira. Anapeza kuti zimatuluka magazi m'malo angapo ndipo zayamba kusiyana ndi mano a kumbuyo. Anandiuza mosamala kuti ofufuza akuona mgwirizano pakati pa matenda a nkhama, kutha kwa mano ndi dementia, ndipo mu 2019 kafukufuku wina anapeza zizindikiro za bakiteriya wa nkhama wotchedwa Porphyromonas gingivalis mu ubongo wa anthu amene anamwalira ndi matenda a Alzheimer. Sanafune kundichotsa pa mantha ena n'kundiika pa ena, choncho anabwereza zimene ananena za kafukufuku wa ku Taiwan, kuti kupezeka pamodzi si umboni wakuti china chayambitsa chinzake. Kusiyana kwake n'kwakuti kuchiza nkhama kuli ndi phindu lodziwika ngakhale nkhani ya ubongo itakhala kuti palibe, pamene kuboola dzino labwino kuli ndi kuipa kodziwika. Anandifunsanso ngati ndimayezetsa kuthamanga kwa magazi ndi shuga, ndipo anatchula lipoti la akatswiri a magazini ya The Lancet la mu 2024, limene linandandalika zinthu 14 zimene munthu kapena dziko lingasinthe, zokhudzana ndi pafupifupi 45 peresenti ya anthu odwala dementia padziko lonse. Pa mndandandawo pali kuthamanga kwa magazi, shuga, kusuta fodya, kumwa mowa mopitirira muyeso, kunenepa kwambiri, kusachita masewera olimbitsa thupi, kusamva bwino, kusaona bwino kosachizidwa, kuvulala m'mutu, kukhala wekhawekha ndi zina, koma zomatira mano palibe. Ndinachita manyazi kuvomera kuti ndinali nditatha miyezi ndikuwerenga za mercury pamene kuthamanga kwa magazi sindinayezetse kwa zaka ziwiri.

Kwa amene akufuna chipatala choti chingomuchitira zimene walamula, chimenechi sichimukhutiritsa, chifukwa adokotala ake anandikanira poyera ntchito zitatu mwa zinayi zimene ndinabwera nditakonzeka kulipira. Ine ndikuchiyamikira pa chifukwa chomwecho, ndiponso chifukwa sananditenge ngati munthu wopusa amene wanamizidwa ndi intaneti. Anavomera zoona zimene zinali m'mantha anga, anandipatsa zoti ndikawerenge, ndipo anandisiyira ine kusankha nditamva zonse. Zomatira zitatu za amalgam zikadali m'kamwa mwanga, ndipo tinagwirizana kuti aziziyang'ana pa miyezi 6 iliyonse, kuti china chikadzang'aluka kapena kuwola pansi chidzasinthidwe pa nthawi yake. Ulendo wotsatira ndikupita kukatsukitsa nkhama, ndipo ndapempha kuti tsiku lomwelo aonenso mayi anga m'mawa, nthawi imene maganizo awo amakhala odekha, kuti adokotala andiphunzitse mmene ndingawatsukire mano popanda kuwaopsa.